Kunyezimira si kuyera: mafunso ndi mayankho pa kukonza golide ndi siliva musanazikute

Ndimasula ndi kukonza mphete, ndolo ndi matcheni m'kachipinda kakang'ono kuno ku Harare. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amandipeza kawirikawiri, ena pa WhatsApp, ena pabenchi pomwe. Ambiri amachokera kwa anyamata amene angogula rectifier (kamakina kopereka magetsi okutira) ndi kabotolo ka rhodium (chitsulo chodula choyera mbee chokutira mphete), ena kwa amayi a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose amene amabwera ndi mphete zaukwati zitasintha mtundu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa ntchito yathuyi mwambiwu suphiphiritsa kanthu: phula lenilenilo ndi limene limatiwonongera ntchito.

Kukuta kumene mukunenaku n'kutani?

Pantchito timangoti plating. Mumamangirira chinthu pa waya, n'kuchimiza m'mankhwala amene muli chitsulo chosungunuka, kaya golide, siliva kapena rhodium. Waya wa chinthucho umapita ku negative ya rectifier, ndipo ku positive kumakhala kachitsulo kena kotchedwa anode. Magetsi akayenda, chitsulo cha m'mankhwalamo chimamatirira pa chinthu chanucho pang'onopang'ono. Chikopa chimene chimapangika n'chopyapyala zedi. Rhodium wa pa mphete nthawi zambiri safika micron imodzi (milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000), pomwe tsitsi limodzi la munthu limanenepa ma micron 50 mpaka 100. Mukasunga nambala ziwirizi m'mutu, zambiri zotsatirazi muzimva mosavuta.

Mphete yangochoka pa mopu (gudumu lansalu lopolishira), ikuwala moti ndikudzionerapo nkhope. N'kuitsukiranji?

Achimwene, pa ulendo wonse wa mpheteyo palibe nthawi imene imakhala yauve kuposa imeneyi. Taganizirani chimene mwakhala mukupaka pa mopu. Tripoli ndi rouge ndi fumbi losalala losakaniza ndi phula ndi mafuta kuti ligwirane n'kukhala ngati sopo wamtanda. Mopu ikamazungulira imatentha, phulalo limasungunuka n'kuyala pa chitsulo, kenako limazizira n'kuuma pomwepo. Lina limaoneka, lakuda bii, kuseri kwa mwala ndi m'zilembo za m'kati mwa mphete. Lina silioneka n'komwe, ndipo limathandizira kuwala kumene kukukusangalatsaniko. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono magetsi sadutsa bwino pa mafuta. Pamene pali phula, chitsulo chatsopano chimalephera kumata, kapena chimangokhala pamwamba pa phulalo osagwirana ndi golide wapansi. Tsiku limenelo zitha kuoneka bwino ndithu. Pakatha milungu iwiri mwini wake amabwerera, chikopa chikusupuka ngati khungu la njoka. Komanso phula limene latsukika m'mtsuko wa rhodium limatsala momwemo n'kumadetsa ntchito zonse zobwera pambuyo. Amene anagulapo rhodium ndi madola a ku America akudziwa mmene mtima umawawira kutaya botolo lathunthu chifukwa cha mphete imodzi.

Ine ndinaphunzira mochititsa manyazi. Unali mwezi wa July, kuzizira kwa Harare kuja kong'amba milomo, ndipo m'mawa ndinali nditadzola mafuta m'manja. Mphete ziwiri za ukwati wa Loweruka ndinazitsuka bwinobwino, koma pomangirira waya ndinagwira imodzi ndi zala kuti isagwe. Itatuluka mu rhodium, chidindo cha chala changa chachikulu chinali pompo, mizere yonse kuoneka ngati ya ku polisi. Ndinabwerera ku mopu usiku.

Ndondomeko yake imayenda bwanji kuyambira pa mopu mpaka m'mankhwala okutira?

Choyamba ndi kuchotsa phula looneka, m'makina a ultrasonic (otsuka ponjenjemeretsa madzi) okhala ndi madzi otentha ndi sopo wake, kenako kutsukuluza. Mukatero mumamangirira chinthucho pa waya wa mkuwa woyera, ndipo kuyambira pamenepo zala zanu zisachikhudzenso, muzigwira waya basi. Chimalowa mu electrocleaner (mankhwala a soda otsuka ndi magetsi), kutsukuluza, kulowa mu asidi wochepa mphamvu, kutsukuluzanso, komaliza m'madzi a distilled (oyengedwa, opanda mchere uliwonse), ndiyeno m'mankhwala okutira.

Mwaona kuti mawu oti kutsukuluza abwera kangapo. Anthu amalumpha pamenepa chifukwa pamaoneka ngati palibe chikuchitika. Koma mtsuko uliwonse ndi mdani wa mtsuko wotsatira: sopo amafooketsa electrocleaner, electrocleaner amapha asidi, ndipo zonsezi zikafika mu rhodium zimamuwononga. Ikani makapu awiri a madzi pakati pa mitsuko iliyonse, loyamba lolandira litsiro, lachiwiri loyeretsa. Madzi a m'kapu yoyamba muzisintha pafupipafupi.

Chinanso: chinthu chisaume panjira. Kuchokera mu electrocleaner mpaka m'mankhwala okutira chizikhala chonyowa, ndipo ulendo wonsewo usapitirire mphindi zochepa. Foni ikalira, ilire.

Ndilibe makina a ultrasonic. Ndisiye ntchito?

Ayi. Amisiri ankakuta siliva kalekale makinawa asanabwere. Tenthetsani madzi, thiranimo sopo wamadzi wotsukira mbale ndi ammonia pang'ono, viikani chinthucho kwa mphindi khumi kuti phula lifewe, ndipo chitsukeni ndi mswachi wofewa kwambiri, makamaka kuseri kwa miyala. Mswachi wolimba umasiya timizere pa siliva wopolisha, ndiye musankhe wa ana. M'timabowo gwiritsani kamtengo kotokosera m'mano. Chofunika n'kutentha, pakuti madzi ozizira sasuntha phula. Ndipo chitani zimenezi mukangochoka pa mopu. Phula logonera limalimba.

Ammonia musamuphatikize ndi mankhwala oyeretsera zovala okhala ndi chlorine, chifukwa mpweya wotuluka pamenepo umawotcha mapapo. Chlorine yemweyo amadetsa siliva ndipo amafooketsa golide wosakaniza mpaka timano togwira mwala kuthyoka. Botolo limenelo lisalowe n'komwe m'chipinda chogwirira ntchito.

Amene muli nawo makinawo, musaunjike zinthu pansi pa thanki. Zikamanjenjemera zimakhulana n'kukandana, ntchito ya pa mopu n'kupita pachabe. Zipachikeni chilichonse pachokha.

Ndidziwa bwanji kuti chayeradi, poti ndi maso sizioneka?

Madzi ndi amene amakuuzani. Mukatsukuluza, tulutsani chinthucho ndipo muchiyang'ane kwa masekondi 20 kapena 30. Pa chitsulo choyera madzi amayala ponseponse ngati kansalu kopyapyala kosang'ambika. Pamene pali mafuta madzi amathawa, n'kupanga timadontho ngati mame pa tsamba la koko. Mukaona kadera ngakhale kamodzi kamene madzi akukakana, bwererani m'mbuyo.

Pali msampha umodzi. Sopo wotsalira amachititsa madzi kuyala bwino ngakhale pansi pali mafuta, ndiye mumanamizika. N'chifukwa chake ine ndimayesa pambuyo pa asidi, chifukwa apo sopo amakhala atachoka ndipo madzi sanama.

Electrocleaner amachita chiyani chimene ultrasonic walephera?

Ultrasonic amachotsa zambiri, koma kamafuta komaliza kamene kagwirana ndi chitsulo kamatsala. Electrocleaner ndi mankhwala a alkali, a m'banja la soda, amene mumawatenthetsa mpaka madigiri 50 kapena 60. Chinthu chimakhala ku negative, anode ndi ya stainless steel, magetsi ma volt 4 mpaka 6, kwa theka la mphindi kapena mphindi imodzi. Izi ndi nambala zoyambira. Pepala la amene anapanga mankhwala anu likanena zina, tsatirani pepalalo. Magetsi amang'amba madzi, ndipo pa chinthucho pamatuluka thovu la hydrogen lambirimbiri. Thovulo limabadwira pansi pa litsiro n'kulitukula, pomwe soda akusungunula mafuta.

Samalani mawaya. Mukawatembenuza, chinthu n'kukhala ku positive, pamatuluka oxygen m'malo mwa hydrogen. Pa zitsulo zina za m'mafakitale amachita dala zimenezi, koma siliva wopolisha amada ndi kutaya kuwala. Ine ndinamata tepi yofiira ndi yakuda pa mawaya ndi pa mitsuko pomwe, chifukwa madzulo munthu ukatopa mutu umasokonezeka.

Electrocleaner wokalamba amabwezera litsiro. Tizitsulo tosungunuka timene tadzikundikira m'menemo timakamatira pa chinthu chanu ngati mwaye wopyapyala. Akayamba kuoneka ngati msuzi wa nyemba, kapena pamwamba pakayandama mafuta, musinthe. Ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi mankhwala okutira.

Nanga asidi ndi wa chiyani, chinthu chitayera kale?

Ntchito zake ndi ziwiri. Soda amaterera ndipo satsukuluzika msanga, choncho asidi amapha wotsalayo. Komanso mkuwa ndi nickel zimene zili mu golide wosakaniza ndi mu siliva zimachita kachikopa ka oxide (konga dzimbiri) kosaoneka, ndipo asidi amakachotsa kuti chitsulo chatsopano chigwirane ndi chitsulo chenicheni. Pantchito timati activation. Sulphuric acid wa 5 mpaka 10 peresenti, wosatenthetsa, kwa masekondi 10 mpaka 30, amakwanira. Pokonza, thirani asidi m'madzi pang'onopang'ono. Mukathira madzi mu asidi amawira n'kukuthovukirani kumaso. Magalasi oteteza maso ndi magolovesi si zokongoletsa.

Funso limene limatsatira nthawi zonse kuno ku Harare ndi la asidi wa m'madamu osambira, poti amapezeka m'mashopu a hardware paliponse kuyambira Avondale mpaka Borrowdale. Amene uja wamadzi ndi hydrochloric acid. Pa siliva amapanga silver chloride, kachikopa kotuwa kosasungunuka m'madzi, ndipo chloride akalowa mu rhodium amamuwononga. Musiyeni wa madamuyo. Gulani sulphuric woyera kwa ogulitsa mankhwala a m'mafakitale kapena a mu labotale. Wokhetsa m'batire yakale ya galimoto ali ndi mtovu, ameneyo ndi poizoni ku mankhwala okutira.

Madzi a pampopi kapena a borehole angagwire ntchito?

Pa kutsukuluza koyambirira, pambuyo pa ultrasonic, angagwire. Pa kutsukuluza komaliza ndi posungunula mankhwala okutira, ayi.

Madzi a mumzinda ambiri amachokera ku Lake Chivero kudzera ku malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray, ndipo monga madzi akumwa kulikonse amathiridwa chlorine. N'zoyenera pa madzi akumwa, koma tanena kale zimene chlorine amachita pa siliva ndi rhodium. Ambiri a ife timadalira borehole kapena chitsime, ndipo madzi apansi amatenga mchere wa m'miyala. Suzumirani m'ketulo yanu: ngati muli zoyera zokakamira pansi, zomwezo zidzauma pa mphete ngati timawanga, ndipo rhodium adzakuta pamwamba pa timawangato n'kutisindikiza mpaka kale. Maboreholo ena amatulutsa madzi a chitsulo, aja amasiya dzimbiri m'bafa. Madzi a mvula ochokera padenga nawonso amabwera ndi fumbi ndi zinki wa malata.

Ndiye gulani madzi a distilled kapena deionised. Aja a batire ogulitsidwa m'magalaja amathandiza ngati alidi chimene chalembedwa pabotolo, koma ena amangodzaza a pampopi. Kamita ka TDS, koyeza mchere wosungunuka m'madzi, kooneka ngati cholembera, n'kotsika mtengo ndipo kamathetsa mkangano: madzi abwino amawerenga pafupi ndi 0, a borehole amatha kuwerenga mahandiredi. Popanda kamita, donthezani madziwo pa galasi loyera, dikirani aume, muone ngati patsala mkombero woyera.

Ena amadandaula kuti madzi ogula ndi okwera mtengo. Simufunika chidebe. Kapu imodzi yomaliza, yovundikira, imatsukuluza mphete zambiri ngati makapu a m'mbuyo agwira ntchito yawo. Ikayamba kukayikitsa, itsitseni ikhale kapu yoyamba, m'malo mwake muthire atsopano.

Kodi plating ibisa timikwingwirima totsala?

Sibisa. Kumbukirani micron ija. Chikopacho chimatsata chilichonse chili pansi, ndipo rhodium powala kwambiri amachita kuonetsa kukandikako kuposa kale. Chimene simukuchifuna chichotseni ndi sandpaper ndi mopu musanayambe kutsuka.

Siliva ndi golide timazikonza mofanana?

Ndondomeko ndi imodzi, koma siliva ali ndi makhalidwe ake atatu.

Loyamba ndi kuda. Siliva amagwirana ndi sulphur wa mumpweya n'kupanga silver sulphide, ndipo sachedwa. Labala, mazira, anyezi, utsi wa malasha, zonsezi zimafulumizitsa. Siliva amene mwapolisha Lolemba n'kumusiya pabenchi ndi labala yomangira ndalama, Lachitatu amakhala atayamba chikasu. Asidi wochepa mphamvu uja sachotsa sulphide. Choncho polishani siliva tsiku lomwe mukumukuta. Njira ya kunyumba ija ya madzi otentha, soda wophikira ndi pepala la aluminium imachotsadi kuda, koma imasiya siliva wosawala kwenikweni, ndiye mopu imafunikabe.

Lachiwiri ndi firestain. Sterling, wa chidindo cha 925, ndi magawo 92.5 a siliva ndi 7.5 a chitsulo china, kawirikawiri mkuwa. Mukamuwotcha polumikiza, oxygen amalowa m'kati n'kugwira mkuwawo pansi pa khungu. Mukapolisha mumaona chithunzithunzi chotuwa mofiirira, ngati mtambo, chimene sichichoka ndi pickle, asidi uja woviikamo chinthu mukatha kuwotcha. Chimaoneka bwino mukayika chinthucho pafupi ndi pepala loyera pamthunzi, osati padzuwa. Mankhwala ake ndi kupala mpaka chithe, ndipo kupewa kwake ndi kupaka boric acid kapena flux (mankhwala opaka polumikiza) ponseponse musanayatse moto. Siliva wokuta mochindikala amachibisa, koma akadzaperepeseka mtambo uja umabwerera. Tili pa pickle pomwepa: musalowetsemo chopanira chachitsulo wamba, chifukwa mkuwa wosungunuka m'menemo umathamangira pa siliva wanu n'kumufiiritsa. Gwiritsani cha mkuwa kapena cha pulasitiki.

Lachitatu ndi loti siliva sakhazikika pansi pa golide wopyapyala. M'kupita kwa miyezi siliva ndi mkuwa zimayenda kudutsa m'golidemo n'kufika pamwamba, kumene zimada. N'chifukwa chake pakati pamayikidwa mpanda, nickel kapena palladium, apo ayi golideyo achindikale. Ku United States, kuti chinthu chitchedwe vermeil, golide wa pa sterling ayenera kukhala wa 10 carat (muyeso wa kuchuluka kwa golide weniweni) kapena kuposa ndi wochindikala ma micron 2.5. Nickel ndi wotsika mtengo ndipo amawalitsa, koma anthu ambiri amatupa naye khungu, makamaka m'makutu, moti mayiko a European Union anaika malire a nickel wotuluka m'zovala zapakhungu. Pa ndolo ine sindiika nickel, ngakhale kasitomala atandikakamiza kuti mtengo utsike.

Mankhwala a rhodium ali ndi asidi wamphamvu amene amadya mkuwa wa mu sterling. Lowetsani chinthucho magetsi mutayatsa kale, kuti rhodium ayambe kumata nthawi yomweyo asidi asanapeze mpata.

Golide wa 18 carat kapena 22 carat ndi wofatsa, savuta. Wa 9 carat, amene ndi wochuluka m'mphete zaukwati kuno, golide weniweni ndi magawo 37.5 okha pa 100, kotsalako ndi mkuwa, siliva ndi zinki. Ameneyo mutengeni ngati siliva: musamusiye kudikira, ndipo asidi musamulumphe.

Amayi abwera ndi mphete ya white gold yasanduka yachikasu kunsi. Ndingoimiza mu rhodium?

Choyamba atonthozeni mtima, pakuti ambiri amafika akuganiza kuti bambo a kunyumba anawagulira yabodza. White gold ndi golide wosakaniza ndi palladium kapena nickel, ndipo mtundu wake weniweni ndi woyera motuwira kuchikasu. Kuyera kwa mbee kuja ndi rhodium, amene amatha ndi kuchapa, kusinja ndi kugwira zitsulo za mu kombi.

Kungoimiza ayi. Rhodium wakale amakhala atatha mbali ina, mbali ina alipo, ndipo malire ake amaonekera pansi pa watsopano. Polishani mpaka mtundu ufanane ponse. Kenako limbanani ndi kuseri kwa mwala, kumene kumakhala zaka zambiri za sopo, mafuta odzola ndi ufa wa nsima zitaumbana. Mafuta ena odzola ndi opaka tsitsi ali ndi silicone, amene samva soda msanga. Mphete yotere imafuna kuviikidwa nthawi yaitali ndi kuyesedwa ndi madzi kawiri. Ngati white gold wake ndi wa nickel, kachikopa ka oxide kamabwerera mofulumira, ndiye kuchoka mu asidi musazengereze.

Miyala ingalowe nawo m'mitsukoyi?

Dayamondi, sapphire ndi ruby wosathiridwa galasi m'ming'alu zimapirira. Ngale, coral, turquoise, malachite, opal ndi amber zisalowe. Asidi amadya ngale ndi coral, ndipo kutentha ndi kunjenjemera kumang'amba opal. Emerald nthawi zambiri amakhala ndi ming'alu yothiridwa mafuta kuti isaoneke, ndipo ultrasonic ndi soda wotentha zimatsuka mafutawo, mwala n'kutuluka wotuwa ngati wasweka. Mwala uliwonse womata ndi guluu umagwa. Ngati simukuudziwa mwalawo, uchotseni kaye kapena mukute mozungulira ndi pen plating, kachida konga cholembera kokutira malo ochepa. Ndipo musanalandire ntchito, yang'anani miyala ndi loupe, kagalasi kokulitsa, mwini wake ali pompo, mumuonetse wogwedera ndi wong'aluka. Phula ndi litsiro nthawi zina ndi zimene zimagwira mwala, ndipo mukatsuka umagwa, mlandu n'kukhala wanu.

Ndidziwa bwanji kuti chimene ndalandira ndi golide kapena siliva weniweni?

Yambani ndi chidindo: 375 ndi 9 carat, 585 ndi 14, 750 ndi 18, 916 ndi 22, ndipo 925 ndi sterling. GP ikutanthauza kuti golide ndi wapamwamba pokha. EPNS ndi siliva wokuta pa chitsulo chosakaniza mkuwa, nickel ndi zinki, mopanda siliva m'kati ngakhale pang'ono. Koma chidindo amatha kudinda aliyense, ndipo matcheni ambiri ogulitsidwa m'misewu ya m'tauni ali ndi 750 yabodza. Yesani ndi maginito, kenako palani pobisika muyese ndi asidi woyesera. Mukapolisha chinthu chokutidwa ngati kuti ndi golide yense, mopu imaboola chikopa m'masekondi ochepa.

Wina akabwera ndi golide wosasula wochokera ku migodi kuti mumupangire mphete, dziwani kuti Gold Trade Act imaletsa kusunga kapena kugula golide wotere popanda chilolezo, ndipo njira yovomerezeka imadutsa ku Fidelity Gold Refinery. Imeneyo ndi nkhani ina, koma yatsekeretsa anthu.

Amayi a Mvano atipatsa chikho cha mgonero kuti tichikonze. Tiyambire pati?

Zikho ndi mbale zambiri za m'matchalitchi athu, kaya a CCAP, Katolika kapena Anglican, ndi EPNS kapena mkuwa wokutidwa, ndipo zapukutidwa ndi manja achikondi kwa zaka zambiri mpaka siliva kutha m'mbali. Mankhwala opukutira a m'shopu amasiya zoyera m'maluwa ozokota ndi kamafuta koteteza pamwamba. Zina zinapakidwa lacquer (vanishi woonekera), amene ayenera kuchotsedwa ndi thinner kapena acetone kaye, chifukwa electrocleaner samusuntha bwino. Onani ngati tsinde limamasuka. Zikho zambiri zili ndi bawuti pansi, ndipo zina zili ndi phula kapena pulasitala m'kati kuti zilemere. Chosamasula chimamwa mankhwala n'kumawalavula pang'onopang'ono kwa masiku, n'kusiya mizere.

Pa mkuwa ndi nickel silver (chitsulo chapansi cha EPNS chija) simulowa mwachindunji m'mankhwala a siliva. Siliva amadzimatirira yekha pa zitsulozi magetsi asanayambe, ndipo womata motero sagwira. Pamafunika strike, mtsuko wa siliva wochepa kwambiri umene umaika maziko m'masekondi ochepa. Kunena zoona, chikho ndi chachikulu kwa rectifier ndi mitsuko ya pabenchi ya mphete. Ine ndimachikonza, kuchiwongola ndi kuchipolisha, koma kukuta ndimapititsa kwa a mathanki akuluakulu kumafakitale. Auzeni amayiwo zoona, asayembekezere Sabata likubwerali.

Magetsi azima ndili pakati pa ntchito. Nditani?

Ngati chinthu chinali m'mankhwala okutira, chitulutseni msanga, chitsukuluzeni, muchisunge chomira m'madzi a distilled. Magetsi akabwera yambirani pa electrocleaner, asidi, kenako kukuta. Musapitirize pamene munalekera, chifukwa chikopa chachiwiri sichigwira bwino pa choyamba chimene chakhala. Rectifier ya mphete imadya magetsi ochepa, inverter ya sola imaikwanitsa. Chimene chimadya ndi kutenthetsa, ndipo apo ndimaika mtsuko wa electrocleaner m'poto wa madzi otentha a pa gasi. Thermometer ikhalepo, makamaka m'mawa wa June ndi July pamene mankhwala amadzuka ozizira ngati a mufiriji.

Chatuluka ndi mawanga, kapena chakuda, kapena chikusupuka. Ndalakwitsa pati?

Kusupuka ndi matuza pafupifupi nthawi zonse ndi mafuta kapena oxide, kutanthauza electrocleaner kapena asidi. Timawanga toyera tozungulira ndi madzi oipa kapena chinthu chinauma panjira. Madera amene sanakutike konse ndi phula, chala, kapena thovu la mpweya limene linakakamira. Muzigwedeza waya pang'ono. Mdima kunsonga ndi m'mphepete ndi magetsi ochuluka. Mdima ponseponse, pa chinthu chilichonse chimene mwalowetsa, ndiye kuti mankhwala okutira adetsedwa.

Pali mtundu wina wozunguza mutu: chinthu chimatuluka bwino, mawa lake pamera timadontho tofiirira. Kawirikawiri ndi zinthu zoumba mu casting (pothira chitsulo chosungunuka m'chikombole) zokhala ndi timabowo tosaoneka, kapena ndolo ndi zibangili za mphako. Timabowoto timasunga soda kapena asidi n'kumatulutsa pambuyo. Kutsukuluza mosinthanasinthana m'madzi otentha ndi ozizira kumathandiza kufinya zimene zabisalazo. Matcheni nawonso amasunga phula m'mfundo iliyonse. Atambasuleni pa waya, musawapachike atapindana.

Musanathamangire kunena kuti wogulitsa anakupatsani rhodium wabodza, tengani kachidutswa koyera kamene mukukadziwa, kadutsitseni m'ndondomeko yonse ndi madzi atsopano. Kakatuluka bwino, vuto silili m'botolo.

Za cyanide timamva zoopsa. Zikukhudza bwanji kutsuka?

Zikukhudza kwambiri, chifukwa chinthu chimadutsa mu asidi chisanalowe mu mtsuko wokutira. Mankhwala ambiri a siliva ndi ena a golide ali ndi cyanide, ndipo asidi akakumana ndi cyanide pamatuluka hydrogen cyanide, mpweya wopha m'mphindi zochepa. Kutsukuluza kwa pakati pa mitsuko iwiriyi kumateteza moyo wanu. Asidi akhale mbali ina ya benchi, cyanide mbali ina, chilichonse ndi chivundikiro chake ndi dzina lolembedwa. Mazenera akhale otsegula. Musadyere kapena kusutira pamenepo, ndipo musasunge mankhwala aliwonse m'botolo la chakumwa. Amene mumagwirira ntchito kunyumba kumene kuli ana, monga ambiri ku Epworth ndi Dzivarasekwa, gulani mankhwala opanda cyanide. Alipo, ndipo pa ntchito zing'onozing'ono amakwanira.

Zotsala musathire m'ngalande. Ngalande za mumzinda zimathera mu Mukuvisi ndi Marimba, mitsinjeyo imapita ku Chivero, ndipo madzi omwewo amabwerera pampopi. Environmental Management Agency ndi imene imayang'anira mankhwala oopsa ndi katayidwe kake, kafunseni kumeneko za chilolezo. Madzi a kapu yoyamba pambuyo pa golide kapena rhodium ali ndi chitsulo cha ndalama. Asungeni m'chigubu cholembedwa, oyenga amatha kuchibweza.

Ndapolisha zinthu zambiri lero koma ndikuta mawa. Ndizisunge bwanji?

Chotsani phula lero lomwe, mu ultrasonic kapena ndi mswachi, tsukuluzani m'madzi a distilled otentha, umitsani ndi mpweya kapena tishu yofewa, ndipo chilichonse muchiike m'kapulasitiki kake kotseka, kutali ndi chipinda cha mopu kumene fumbi la rouge limauluka. Electrocleaner ndi asidi zidikire mawa, mphindi zochepa musanakute. Golide wa 18 carat agona bwino. Siliva mumuyang'ane m'mawa pafupi ndi pepala loyera, ndipo ngati wayamba chikasu mudutsitseni pa mopu ya rouge pang'ono n'kuyambiranso kutsuka.